Nyali Yakumbuyo ya Bambo Absalom

Bambo Absalom Chikaonda anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nakagwira ntchito mumgodi wa pulatinamu kunja kwa dziko zaka makumi atatu. Atapuma anakhazikika ku Boitekong, kufupi ndi mgodiwo, nagula njinga yamoto yakale yoperekera buledi m'mashopu.

Pansi pa nthaka anaphunzira kugogoda mwala ndi chitsulo n'kumvetsera ngati ungagwe. Njingayonso ankaiyeza ndi khutu. Injini ikalira bwino, mtima wawo unkakhala m'malo.

Tsiku lokayezetsa njinga kuti ipatsidwe chilolezo choyenda pamsewu, anapita monyadira. Woyezayo sanamvetsere injini n'komwe. Anayang'ana matayala ndi tcheni, kenako anaima kumbuyo nawauza kuti agwire buleki. Nyali yakumbuyo sinayake, ndipo njinga inalephera.

"Kababu kokha basi!" anakalipa Bambo Absalom atafika kunyumba.

Akazi awo, a Felesita, anafunsa kuti kanapsa liti. Bambo Absalom sankadziwa.

"Mumgodi nyali ndinkaivala pamphumi," anatero. "Zakumbuyo kwanga ankandionera anzanga. Pano ena anabwerera kumudzi, ena tinawaika konkuno. Akanandiuza ndani?"