Bondo langa ndi ana anga

Tsiku limenelo kunkawaza mvula ya mtundu umene sunyowetsa msanga koma umalowa m'mafupa. Mabasi ankalira pa Stratford Road, eni masitolo a ku Sparkhill, dera limene timakhala kuno kutsidya la nyanja, akukweza zitseko zawo zachitsulo mwaphokoso. Ndinavala jekete la kutchalitchi, ndodo m'manja, ulendo wa ku chipatala cholipira.

Bondo langa lakumanja linali litatha ndi nyamakazi. Ululu ndinkaupirira. Chimene chinkandidya mtima n'chakuti chimwalirire mkazi wanga ndinkagwada pamanda ake Loweruka lililonse, kuzula udzu ndi kupemphera, koma tsopano ndinkangoima ngati munthu wodutsa. Mkulu wina wa kumpingo anandiuza za chithandizo chimene amati sitemu selo: amatenga maselo m'mafuta a thupi lako lomwe n'kuwabaya m'bondo kuti akonze potha. Ndinapemphera, ndinakalembetsa, ana anga awiri ndinangowadziwitsa.

Nditafika, mtsikana wolandira odwala anayang'ana pa kompyuta n'kundiuza mwaulemu kuti mwana wanga anaimba foni kuti ndasintha maganizo, choncho dzina langa analichotsa. Ndinathokoza, ndinatuluka. M'basi sindinayankhule ndi munthu, ngakhale ndi Mulungu.

Kunyumba ndinapeza alamu anga a ku Tipton, alongo ake a malemu, atakhala pampando wanga akumwa tiyi. Ana ndiwo anawaitana, poona kuti nkhani yotere sangaiyambe okha kwa bambo awo.

"Alamu, mwachedwa," anatero. "Timayesa mubwera chothamanga ndi bondo la mnyamata."

Ndinawayankha kuti ndikadadziwa kuti abwera ndikadabisa shuga, koma sindinaseke.

Mwana wanga wamkazi, namwino wa pa wodi ya odwala mafupa, analowa akadali mu yunifolomu n'kugwada. Mnyamata wanga, wobadwira konkuno amene sanagwadirepo munthu, anayang'ana amalume ake, naye n'kugwada movutikira. Mtsikanayo anafotokoza mosakweza mawu. Anali atafunsa madokotala a kuntchito kwake, atawerenganso yekha. Anati chithandizocho akuchifufuzabe, ena amati ululu umachepako, koma pa bondo ngati langa, loti fupa likukhuza fupa, palibe amene angalonjeze kanthu. Anali atafunsanso kuchipatala kuja ngati ndidzagwadenso, ndipo sanamuyankhe molunjika.

"Adadi, ndinakuuzani kawiri, munangoti zikomo mwanawe. Tinalakwa kuchita mwakabisira. Koma sindikadapirira kukuonani mukuyesa kugwada pamanda a amami n'kulephera, mutakhulupirira ndi mtima wonse."

Mnyamatayo anapepesa m'Chingerezi, nati foni anaimba ndi iyeyo, asakalipiridwe mlongo wake.

Ndinamufunsa mtsikanayo ngati opaleshoni yoika bondo lachitsulo, imene iye ankandifunira, ingandibwezere kugwada. Anati mwina ayi, mwina kuyenda kokha. Akadatha kundinamiza pamenepo, ine ndikadavomera nthawi yomweyo. Sanatero. Anandiyang'ana m'maso, misozi ili lengelenge, osabweza mawu ake. Ndinaganiza kuti odwala amene amawasamalira mwana ameneyu ali ndi mwayi.

Sindinayankhe tsiku lomwelo, poti mtima wanga suyenda mofulumira. Ndinangowauza anawo kuti adzuke, pansi m'pozizira. Loweruka lotsatira ndinapita ndekha kumanda. Ndinayamba ndawadandaulira amayi awo za ana athu, kenako ndinapezeka ndikuwayamikira anawo. Ndinapemphera chiimirire, nditatsamira ndodo, ndipo pemphero linatuluka lonse.

Ana anga ndinawakhululukira.