Mayi Obwereka Singano

Mayi telala a khomo loyandikana ndi langa ali ndi chizolowezi chimene sasiya. Akamva mkazi akulira m'nyumba ya mwini, amasiya makina n'kupita kukagogoda, ati akufuna kubwereka singano. Si munthu wolimba mtima mwachibadwa. Galu akangouwa amabwerera panjira. M'mabuku akale amene tinkawerenga kusukulu, ngwazi sizinkanjenjemera, koma awa amapita ali ndi mantha.

Nyumba zathu n'zogundizana, ndipo khomo limene amagogodapo kawirikawiri ndi la dalaivala, mwamuna wa dzanja lolemera.

Lamulungu lapitali masana mkazi wa dalaivalayo analira, kenako kunangoti zii. Batalo ndi limene linandiopsa. Ndili pakhonde ndinawaona mayiwo akudutsa opanda nsapato, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Anagogoda mpaka mwamunayo anatsegula, lamba ali m'manja.

"Amayi, telala wanji wopanda singano? Zonse munatenga zija simunabweze."

"Lero singano ndili nayo, bambo," anayankha mayiwo. "Maso ndiwo andithera. Ndibwerekeni mkazi wanu akandilowetsere ulusi."

"Wagona."

"Ndidikira adzuke."

Anakhala pansi pakhomo pomwepo, mwendo umodzi uli m'kati kuti chitseko chisatsekeke. Anthu anayamba kusuzumira m'mawindo, ndipo mwamunayo anaponya lamba pampando.

Mkaziyo anatuluka atagwira nthiti. Mayiwo anamulowetsa kwawo n'kukhoma chitseko. Dalaivala anazungulira pabwalo mpaka dzuwa kupendeka, koma chitsekocho sichinatsegulidwe.