Nyumba ya Yotamu aipatsa munthu amene anakwera ndeke

Senderani kuno amayi a mu Nangongwe, zidebe zidikire, mpopi suthawa. Mdzukulu wanga Yotamu amumana nyumba ku Kafue Estates. Mlandu wake? Ulemu. Eya, mwandimva bwino.

Yotamu mukumudziwa, uja amapalasa njinga kupita ku Chanyanya ndi mabotolo. Amagwira ntchito ku ofesi ya ofufuza za mtsinje, kuyesa ngati madzi otuluka m'mafakitale atsopanowa sakudwalitsa nsomba. Chilandirireni ufulu, mwanayu ndi matope okhaokha. Tikugona chipinda chimodzi, iye, mkazi wake Esinati amene nthawi imeneyo anali ndi pakati, ine, ndi nsomba zakufa za m'mabotolo zotiyang'anitsitsa pansi pa bedi. Ofesi inalonjeza nyumba yamagetsi kwa wofufuza wopambana onse. Ine n'kuyamba kumanga katundu. Tsiku lina mwana abwera nkhope ili pansi. "Ambuya, akuti ine sinditchulidwa."

M'mawa mwake ndinamanga chitenje cha kutchalitchi, ulendo wa ku ofesiko. Ndinakhala pabenchi mpaka matako anafa dzanzi. Kalaliki wake, ba Mwiinga, anali pankhondo ndi tiyi ndi mabanzi. Atapambana anapukuta pakamwa, n'kuti, "Shani ambuya, mufuna chani?"

Ndinati ndikufuna kuona sikelo imene anayezera mwana wanga.

Anati nzeru siziyezedwa ndi thukuta. Wofufuza akalemba pepala, anzake a kutali polemba awo amamutchula dzina, ndiye ofesi imawerenga kuti watchulidwa kangati.

"Ndiye mapepala a Yotamu sawatchula?"

"Awatchula maningi, na ku Ulaya komwe. Koma ise tiwerenga chabe dzina loyamba. Apa analemba kuti Bwana na anzake. Mdzukulu wanu ali mukati mwa anzake."

Bwana ameneyo ndi mzungu amene anali mkulu wa ofesiyo, tinkamutcha Chipewa. Yotamu ndinamulera ine. Sasamba m'manja akulu asanasambe, salowa pakhomo patsogolo pa wamkulu. Ndiye pepala lililonse amayamba ndi Chipewa poti ndiye anamuphunzitsa kugwira botolo, kenako akuluakulu ena, iye n'kudzikhazika kumapeto ngati mkamwini pamaliro. Kodi pamenepo walakwa chiyani? Mumafuna akankhe akulu ndi chigongono?

Ndinafunsa, "Nanga munthu akamutchula pomutsutsa?"

"Tiwerenga."

"Pomutukwana?"

"Tiwerenga ndithu. Dzina ni dzina."

Amayi inu! Ndiye chidakwa chija cha kumsika, chimene tauni yonse imachitchula m'mawa ndi madzulo, sichikanayenera nyumba yosanja?

Kenako ananditengera kukhoma. Pali thabwa lalikulu lokhomedwa misomali. Msomali uliwonse ati ndi wofufuza, ndipo ulusi wofiira ukusonyeza amene analemba limodzi. Msomali wa Chipewa ulusi wachita kuukulunga ngati khanda m'nyengo yozizira. Ndinati wa Yotamu uli kuti? Ba Mwiinga anafunafuna, anakanda mutu, kenako anachotsa jekete lawo pakona. Uli pomwepo. Mdzukulu wanga ndi popachika jekete!

Ndinati asodzi a ku Chanyanya amene amamupalasa m'bwato, mvuu zikuwafwenthera, misomali yawo ili pati? Akuti amenewo salemba. Ndinasolola ulusi kumphepete kwa chitenje changa, n'kuyamba kumanga kuchokera pa Yotamu kupita pa msomali uliwonse. Ba Mwiinga analumpha ngati aponda moto. "Ambuya, muononga sayansi! Ulusi wake uchoka ku Lusaka, na sitampa!"

Chabwino. Ndinati nyumbayo mwapatsa ndani, ndikamuone nkhope.

"Ba Chipewa."

Ndinagwira khoma. Chipewa anakwera ndeke ufulu utangobwera. Tinamuperekeza ndi nyimbo, agalu ake anagawa, ngakhale khadi sanatumizepo. Ba Mwiinga anatsegula dirowa n'kundionetsa makiyi, akuti akumudikira. Malamulo ati sanena kuti wopambana azikhala m'dziko muno.

"Nanga ngati anamwalira?"

"Akufa ndiye atchulidwa bwino, ambuya. Sakangana na munthu."

Tsono ndikufunsa inu a ofesi, mundiyankhe poyera. Amene adzayatsa magetsi m'nyumbamo ndani? Mzukwa? Mdzukulutuvi wanga akulire pakati pa mabotolo chifukwa atate ake ali ndi mwambo? Ndipo inu amayi amene ana anu akupita kuyunivesite, achenjezeni. Kumeneko wopatsa akulu mpando amagona pamphasa.

Mukufuna kudziwa zinatha bwanji? Ba Mwiinga anawakweza, tsopano ali ndi wowawerengera misomali. Nyumba ikadali yotseka, mbuzi za eni zikugona pakhonde. Esinati anachira, mwana wamkazi, akugona m'beseni.

Yotamu ndinamukhalira pamsana. Ndinati pepala lotsatira, dzina la Chipewa ndisalimvenso. Analumbira. Analemba, anatumiza, linasindikizidwa, ndipo ati a kunja akulitchula koopsa. Dzulo ba Mwiinga afika pakhomo panga, nyundo m'manja, chipewa chawo chili pachifuwa, akufunsa kumene kumakhala wofufuza wamkulu, mayi Nabanda.

Nabanda ndine.

Mwana uja dzanja linamukanabe kudziika patsogolo. Anayang'ana m'nyumba kuti wamkulu ndani, n'kuyamba ndi ine, amene kuchipatala ndimadinda ndi chala. Msomali wanga akhoma pakati penipeni, ndipo akuti nyumba ya chaka chamawa palibe wondipikisana naye.

Ndiilandira. Ndikagona kuchipinda chachikulu ndi Esinati ndi khanda. Yotamu akadzagogoda bwinobwino, ndidzaona ngati kukhitchini kuli malo.