Masamba Pamsewu wa Kuphiri

Mpaka lero alipo anthu mu Zomba muno amene amati ife tinalephera phiri. Ndikawamva mtima umanditentha, ndipo sindiwasekerera ngakhale akhale akuluakulu.

Masiku amenewo ndinkapalasa kabaza pa Matawale, njinga zamoto zisanatilande makasitomala. Tinamva kuti kalabu ina ya anthu a njinga zothamanga yakonza mpikisano wa matimu a anthu atatuatatu: kuyambira m'tauni, kuzungulira ku Chirunga, kenako kukwera msewu wa kuphiri mpaka pamwamba. Ndinakopa mlamu wanga, amene ankapikula matemba ku Chilwa pa njinga. Wachitatu anali mkulu wina wa imvi, wotsitsa nkhuni kuphiri, wosachulutsa zokamba. Tonse tinkangowatchula kuti madala.

Tsiku lolembetsa, bambo wolemba mayina, wa kabudula woyera ndi wenzulo m'khosi, anaziyang'ana nthawi yaitali njinga zathu. Zinali zakuda zija, zolemera, zopanda magiya, yangayo ili ndi khushoni pa kaliyala.

"Tamverani, abambo," anatero. "Kuno si kokankha njinga. Tikudziwa kuti inu mukaona chitunda mumatsika. Mmodzi akangoponda pansi n'kukankha, timu yonse yatuluka."

Anzake anaseka. Chimene chinandipweteka n'chakuti sananame. Madala zaka zonsezo ankakankha njinga pokwera phiri, n'kuikwera potsika. Ine ndemwe ndikafika pa chitunda ndinkamupempha kasitomala kuti tiyendeko pang'ono. Koma tinatuluka pamenepo titalumbira kuti phazi lathu silidzaponda phula mpaka pamwamba. Masabata otsatira tinkakumana mamawa n'kumalimbana nalo phirilo, kusanza, kugwa, kubwereranso, mpaka tsiku lina tinafika pamwamba tonse atatu osatsika.

Mpikisanowo unachitika m'nyengo yotentha, phula likuchita kunyezimira. Anzathu anavala zothina zowala, zipewa zawo ngati zigoba za kamba. Ife tinali m'makabudula a pa kaunjika ndi zipewa zathu za masiku onse, manambala titabaya ndi mapini kumsana. M'tauni anatisiya kutali, ndipo ana asukulu a ku Chirunga ankatikuwiza kuti tiwanyamule tikawasiye kumsika. Ife tinangopitiriza kupalasa.

Chitunda chitayamba tinayamba kuwatola mmodzimmodzi. Munthu amene amanyamula mayi, mwana ndi thumba la chimanga tsiku ndi tsiku, njinga yopanda katundu imakhala ngati ikumupumitsa. Ndinadutsa mnyamata wina atayasama kukamwa, akusinthasintha magiya ngati muli mankhwala, ndipo sindibisa, ndinamuimbira belu.

Tisanalowe m'nkhalango ya paini, pamene pali nyumba zingapo m'mbali mwa msewu, tinaona masamba aawisi atayalidwa pa phula. Amuna anali atakhala pansi m'mbali mwa msewu, ndipo m'nyumba ina amayi ankaimba nyimbo za maliro. Aliyense wokulira kuno amadziwa. Ukafika pa masamba umatsika njinga, kuvula chipewa, n'kukankha mpaka utadutsa masamba achiwiri. Amene anali patsogolo pathu anangowerama n'kudutsa, matayala akuponda masambawo. Kumbuyo kwathu kunali woyang'anira mpikisano pa njinga yamoto, maso ali pa ife.

Ndivomere, ine ndinafuna kudutsa.

"Madala, tiyeni tingopita, tidzapepesa pobwerera," ndinatero ndikupuma mwabefu.

"Tikatsika apa ndiye kwathu kwatha, madala," anawonjezera mlamu wanga.

"Ine ndimadutsa pano tsiku lililonse ndi nkhuni," anayankha madala. "Madzi ndimamwa pakhomo pomwepa. Mawa ndidzawayang'ana ndi maso ati?"

Anagwira mabuleki, naponda pansi, navula chipewa. Ndinamva njinga yamoto ija ikuchepetsa liwiro. Ndinatsika ndili wokwiya, ndipo poyamba ndinakwiyira madala. Tinakankha pang'onopang'ono, zipewa zili m'manja, thukuta likulowa m'maso, anthu amene tinawadutsa movutikira aja akutidutsanso osatembenuka n'komwe. Bambo wina pakati pa okhuza maliro aja anatiombera m'manja chapansipansi kuti zikomo. Pamenepo mkwiyo wanga unachoka pa madala n'kupita kumene unayenera kupita.

Kukweranso njinga yopanda magiya pakati pa chitunda si masewera. Ndinachita kuimirira pa mapedulo, tcheni chikulira ngati chiduka. Kuchokera pa masamba achiwiri mpaka pamwamba, palibe mmodzi wa ife anapondanso pansi. Makhota onse aja tinawakwera, anyani akutiyang'ana m'mbali mwa msewu, ndipo tinadutsanso matimu angapo. Sitinali oyamba, koma kumbuyo kwathu kunatsala anthu ambiri a magiya.

Pamwamba tinapeza bambo wa wenzulo uja atamva kale. Anali atadula mzere pa dzina la timu yathu.

"Ndinakuuzani," anatero. "Mwakankha."

"Panali maliro, bwana," anatero madala.

"Lamulo ndi lamulo."

"Chabwino, tichotseni," ndinatero ine. "Koma mulembe pamenepo kuti tinatsikira maliro. Musalembe kuti phiri latikanika."

"Papepala pano palibe malo a zimenezo, achimwene."

Ndinamuuza kuti tsiku limene kwawo kudzagwe zovuta adzaone ngati pepalalo lidzamukumbire manda. Mlamu wanga anandikoka malaya. Kenako analengeza pa chimkuzamawu kuti timu ya akabaza yachotsedwa chifukwa inakankha njinga pa chitunda, ndipo anthu anaseka monga mmene ankayembekezera kuseka. Mawu amenewo ndi amene anatsika nawo m'tauni.

Ife sitinadikire zakumwa zawo. Tinatsika phiri, pa masamba paja tinatsikanso njinga, n'kuziyedzamiritsa pa mtengo. Tinakhala pansi pamodzi ndi amuna anzathu, manambala akadali kumsana, ndipo nthawi itakwana tinaperekeza nawo malirowo kumanda. Maliro n'kulirana. Womwalirayo sindinkamudziwa.

Madala sanaikambenso nkhaniyi. Wina akawaseka kuti analephera phiri ankangomanga nkhuni zawo. Ine ndi amene ndakhala ndikukangana ndi anthu zaka zonsezi, pa siteji, m'minibasi, ngakhale pa ukwati wa mwana wanga.

Madala anamwalira atakalamba, kunyumba kwawo m'munsi mwa msewu womwewo. Masamba a pamsewu ndinathyola ndi kuyala ndine. Chakumasana ndinaona mnyamata akukwera pa njinga yothamanga, atavala zothina zija, mutu uli pansi, osaonetsa kuti achepetsa liwiro. Ndinadzuka n'kukaima pakati pa msewu.

"Pepani, bambo, ndikuwerengera nthawi yanga," anatero, akuloza wotchi ya pamkono.

"Tsikani," ndinamuuza. "Amene agona m'nyumbamo anakwera phiri ili pa njinga yopanda magiya, ndipo anatsikira munthu wina pamsewu womwe uno."

Anandiyang'ana, nayang'ana anthu amene anakhala pansi aja. Sindinasunthe. Anatsika, navula chigoba chake chija, ndipo ndinayenda naye pambali mpaka pa masamba achiwiri.