Chaka Chimene Ndinanenerera Chilumba

Ndinagulitsa usipa pamsika wa pa boma ku Mzimba zaka zoposa makumi awiri ndisanaone madzi amene usipawo umachokeramo. Nyanja ndinkaidziwa ndi fungo la m'masaka basi, ndipo sindinkadandaula. Ntchito yanga yeniyeni sinali usipa. Inali kunenerera.

Luso limeneli ndinalitola kwa bambo anga pamisika ya ng'ombe. Ng'ombe imene ukuifuna suiyang'ana. Umayang'ana ina, n'kumainyoza miyendo. Akakufunsa kuti uli ndi zingati, umatchula mtengo wochititsa manyazi. Mwini wake akapsa mtima, umanyamuka n'kumapita pang'onopang'ono, nkhope kutsogolo koma khutu kumbuyo. Usanafike patali amakuitana. Ine ndinaitanidwa chomwechi ku Manyamula, ku Champhira, ku Engutwini, paliponse pamene njinga yanga inafika. Ngakhale tsiku lokambirana malowolo a mkazi wanga ndinafuna kunyamuka, koma amalume anandikoka malaya n'kundikhazika pansi. Chinthu chokha chimene ndinkagula osanenerera masiku amenewo chinali khadi la chipani. Achinyamata a malaya ofiira akaima pachipata cha msika, luso langa lonse linkathera m'thumba.

Tinali ndi ana awiri otsala pakhomo, mnyamata ndi mtsikana. Chaka chimene mnyamatayo analemba mayeso a Folomu 4, mkazi wanga anandiyankhula tsiku lina ndikupopa njinga.

"Imwe, mwana uyu akupita. Kaya akhoza kaya alephera, m'nyumba muno sakhalamonso. Kodi mumamudziwa?"

"Ndisamudziwe bwanji, si wanga?"

"Mumayankhula naye zotani, kupatula zoti watsina usipa wambiri pamulu?"

Ndinapitiriza kupopa ngakhale tayala linali litalimba kale. Ankanena zoona. Ine ndi mwanayo tinkadutsana pakhonde ngati alendi a nyumba imodzi. Tchuthi chachikulu cha Ogasiti chimenecho chinali chomaliza, ndipo ndinadziwa kuti ngati sindikhala naye pansi nthawi imeneyo, ndiye kuti mwayi wapita.

Ndiye ndinalonjeza ulendo. Ndinati tonse anayi tikwera basi mpaka ku Mzuzu, titsikira ku Nkhata Bay, tikwera sitima ya pamadzi, tikakhale sabata pachilumba. Ndinawonjezeranso mawu amene ndikanawameza: "Chilumba chake musankha ndinu."

Zilumba zoti banja ngati lathu lingafikeko zinali ziwiri. Likoma ndi yaikuluko, ili ndi tchalitchi chotchuka ndi resitihausi yolipira. Chizumulu ndi yaing'ono. Ine ndinali nditasankha kale Chizumulu. Bambo wina wa kumeneko, amene ankandibweretsera usipa, anali atandiuza kuti kwake kuli chipinda ndi mphasa zaulere. Ndiulule, ndinaonanso kuti pobwerera tikhoza kunyamula masaka anayi, aliyense lake, ogulidwa pamtengo wa m'mphepete mwa madzi. Koma chimene ukuchifuna suchitchula. Ndinakonza zoti ine ndiyambire pansi penipeni, ana akwere mpaka Likoma, kenako tikumane pakati, pa Chizumulu, iwo akuganiza kuti andigonjetsa.

Tinakhala pakhonde Lamulungu titabwera ku tchalitchi. Mtsikana anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndipo pakamwa pake panali pakuthwa ngati chikwanje. Anabwera ndi kalendala yakale imene inali ndi chithunzi cha chilumba cha kunja, mchenga woyera ndi mitengo ya kokonati.

"Adada, ine ndasankha apa."

Mtima wanga unasangalala. Ndinati uyu ndiye magazi anga, wayambira kumwamba.

"Kumeneko ndege yake uyendetsa ndiwe? Tamverani. Ine ndaganiza bwino. Madzi ndi madzi. Kwa agogo anu ku Manyamula kuli damu, ndipo pakati pake pali chulu. Chilumba si chimenecho?"

Mtsikanayo anaseka mpaka kalendala inagwa. Mayi ake sanaseke. Mnyamata anadikira kuti phokoso lithe, ndipo anayankhula mofatsa, maso ali pansapato zake.

"Ine ndimafuna Likoma, Adada. Mnzanga wa kusukulu kwawo ndi komweko. Anati akatiphunzitsa kupalasa bwato."

Ndinaipeza ng'ombe yoti ndiinyoze miyendo.

"Likoma kuli chiyani? Miyala ndi malambe. Ndamva kuti ngakhale nkhuni amachita kugula kutsidya. Ndiye mwezi uno ndi wa mwera, mphepo imene imagwedeza sitima mpaka munthu kusanza za dzana. Mnzakoyo akuphunzitsa kupalasa kapena kumira?"

"Munati tisankhe ndife," anatero mnyamatayo.

"Mukusankha kumene. Chabwino, ndikwereko pang'ono. Nkhata Bay. Tikaone sitima ikunyamuka, tidye chambo, tibwereko."

Pamenepo ndinatseka pakamwa n'kudikira. Munthu aliyense pamsika amadziwa chotsatira. Amati wonjezerani pang'ono, adada, iwe n'kuusa moyo, n'kugwira mutu, n'kunena kuti mwandipha, mbwenu tiyeni Chizumulu. Mawu amenewo ndinali nditawakonza kale, pamodzi ndi kuusa moyo kwake.

Mnyamatayo anandiyang'ana kanthawi. Kenako anaimirira, anasasa fumbi kumbuyo kwa buluku.

"Palibe kanthu, Adada. Tingosiya."

Anatsika pakhonde n'kulowera njira ya kumpira. Ndikuuzani zoona, ndinanyadira. Ndinati taonani, mwana wayenda ngati agogo ake, msana woongoka, osacheuka. Ndinaganiza kuti akundiyesa, ndiye nanenso ndinamuyesa. Ndinatenga njinga n'kulowera kwina, ngati ndili ndi kopita.

Nditabwerera mkazi wanga anali akupeta nyemba.

"Mukamuitane."

"Woyamba kuitana ndiye waluza."

"Waluza chiyani?"

"Simungazimvetse. Pofika mawa abwera yekha."

Mawa lake sanabwere. Ndiko kuti, kunyumba ankabwera, ankadya, ankandipatsa moni mwaulemu wonse, koma za chilumba sanatchulenso. Ndinadikira sabata yathunthu. Kudikira ndimakudziwa, ndinadikirapo mwini njinga masiku atatu ku Champhira mpaka anandigulitsa ndi pampu yomwe. Koma uku kunali kudikira kotopetsa, kodikira munthu amene ukumumva akutsokomola kuseri kwa khoma.

Ndinayamba kuponya nyambo. Pachakudya ndinkanena kwa mayi ake, mokweza, kuti akuti mwera wayamba kuchepa. Tsiku lina ndinagula zipewa zinayi za mlaza n'kuzipachika pamsomali pabalaza. Mtsikana anavala chake n'kumayenda nacho m'nyumba. Mnyamata anangoti, "Zabwino chomene," n'kudutsa. Ndinafika mpaka ponena kuti pali zilumba zina zing'onozing'ono zimene anthu amaziyamikira. Iye anapempha mchere.

Sabata yachitatu ndinabwera kuchokera ku msika wa ku Manyamula n'kupeza chikwama chake palibe. Mayi ake anandiuza kuti wakwera lole ya esiteti ina ya fodya kupitirira Champhira, cha kumalire ndi Kasungu. Ankafuna anyamata odziwa kulemba oti azithandiza m'shedi yosankhira fodya.

"Anakutsanzikani m'mawa," anatero. "Munati chabwino, maso ali pamasaka a usipa."

Ndinakumbukira kuti analidi ataima pambali panga m'mawa umenewo akunena kanthu. Ndinkaganiza kuti akupita kokameta.

Ndipo ngakhale pamenepo, mutu wanga wouma unati ameneyu wangoyenda ulendo wautaliko, akufuna ndimuitane mokweza. Ndinadikiranso masiku anayi.

Amene anandimasula anali mtsikana. Anabwera kumsika masana ndi chakudya changa, n'kukhala pasaka. Mwana ameneyu anali ndi chake chimene ankaufunira ulendowo. Azakhali ake a ku Lundazi anamupatsa thalauza, ndipo masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala thalauza pagulu. Anamva kuti kunyanja, kumalo a alendo, savutitsa. Thalauzalo linkakhala pansi pa matiresi, ankangoliyesa kuchipinda atatseka chitseko, ndipo miyendo yake inali ikutalika mwezi ndi mwezi.

"Adada, ku Chizumulu kuja tipita liti? Langa lija layamba kufupika."

Ndinasiya supuni.

"Wakuuza za Chizumulu ndani?"

"Aa, Adada. Bambo a usipa aja anatiuza kalekale, musanalonjeze n'komwe. Anati akonza kale chipinda. Tonse timadziwa. Amama amadziwa. Adumbu amadziwa."

Adumbu ndiye mlongo wakeyo.

"Nanga bwanji sananene?"

"Anati mukanangonena kuti ana anga, ine ndakwanitsa Chizumulu, akanavomera pomwepo. Bwato ndi bwato. Koma mwati tisankhe, kenako mwayamba kutichita ngati tabwera kudzagula usipa." Anatola kausipa kamodzi pamulu n'kukatafuna. "Ine sindidandaula, ndinazolowera. Koma adumbu zimawapweteka."

Anatenga mbale zake n'kumapita. Kunabwera mayi wina kudzafunsa mtengo wa mulu, ndipo anachita kundigwedeza phewa kuti ndimumve.

M'mawa mwake ndinasiyira mkazi wanga benchi n'kukwera basi yopita kum'mwera. Pamsewu anatitsitsa kawiri kuonetsa makhadi. Ndinatsikira kupitirira Champhira n'kuyenda wapansi mtunda wautali m'fumbi, pakati pa minda yoti anazulamo kale mapesi a fodya. Mawondo anga anali atayamba kale kudandaula zaka zimenezo. Njira yonse ndinkayeseza mawu, ndipo ndinazindikira kuti pamoyo wanga wonse ndinali ndisanayambepo nkhani ndi mtengo womaliza. Lilime linkakana.

Ndinamupeza m'shedi yaitali yofolera udzu, muli fungo lokhetsa misozi. Amayi anali atakhala m'mizere akusankha masamba, iye ataima pafupi ndi mabelo, pensulo kukhutu. Atandiona anadzidzimuka.

"Kwagwanji kunyumba?"

"Kulibe. Onse ali makora."

Kapitawo anamulola kutuluka pang'ono. Tinaima pamthunzi wa shediyo. Ndinavula chipewa, sindikudziwa chifukwa chake.

"Likoma," ndinatero. "Sabata yathunthu. Tikagona ku resitihausi. Sindikagula usipa ngakhale wodzaza dzanja."

Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu wamkulu amene mwana wamubweretsera chinthu chimene sakuchifunanso.

"Yewo, Adada. Koma ndinawalonjeza anthuwa kuti ndikhala mpaka mabelo omaliza atapita. Akatero ayamba nazale, ndipo akuti andisunga."

"Ndikayankhula naye kapitawoyo. Sabata imodzi yokha. Ine ndikayankhula ndi munthu..."

"Ndikudziwa, Adada. Chonde musayankhule naye."

Ndinayesa njira zonse zimene ndinali nazo, koma zonse zinali zotsitsira, panalibe yokwezera munthu amene wasiya kufuna. Ndinatchula za mlongo wake. Anati mupite naye, asangalala. Ndinati popanda iwe sapita, ndipo zinalidi choncho, mtsikanayo anakana. Ndinatchula za mnzake wa bwato uja. Anati adzamulembera kalata. Sanakwiye, sanandidzudzule. Akanakwiya bwenzi ndili ndi pogwira.

"Mwina chaka chamawa," anatero.

Anapempha kwa kapitawo kuti andiperekeze kumsewu. Tinayenda mtunda wonse uja limodzi, iye akuchepetsa liwiro kuti ndisatsalire. Basi inachedwa kwambiri. Tinakhala pamwala m'mbali mwa msewu, dzuwa likuwotcha, fumbi la malole likutithira. Anagula chinangwa chootcha kwa mayi wina, anandipatsa chachikulu. Anandifunsa kuti mawondo anayamba liti. Ndinamuuza. Ndinamufunsa ngati ntchito ya fodya akuikonda. Anati ayi, koma amakonda kuti akanena kulemera kwa belo palibe amene amatsutsa. Anandiuzanso kuti amafuna kuphunzira zoyeza malo, zimene ndinali ndisanazimvepo m'kamwa mwake, ngakhale mayi ake ankazidziwa kwa zaka ziwiri. Ndinamvetsera. Maola awiri amenewo ndiwo anali tchuthi chathu chonse, ine ndi iye.

Zotsatira zitatuluka anakhoza, ndipo anachokera ku esiteti komweko kupita ku Lilongwe. Kunyumba ankangobwera ngati mlendo, masiku awiri, atatu. Anayi tonse sitinakwerepo sitima.

Koma tsiku limenelo pamwala paja sindinkadziwa zimenezi. Ndinali ndikukonza mawu ena oti ndiyesere, pamene iye anaimirira n'kukweza dzanja.

"Basi yanu iyo, Adada. Mukhale kutsogolo, kumbuyo kumagwedeza mawondo."

Anandikankhira m'mwamba pachitseko chifukwa sitepe inali yaitali. Pamene ndinkapeza pokhala n'kusuzumira pawindo, anali atawoloka kale msewu, akuthamanga kuti kapitawo asamudikire.