Sola Yoyenda pa Tayala la Wilibala

Inu amene mwaima pamphambano mutu utaima, osadziwa kolowera, tamvani za Elesi wa ku komboni ya George, mu Lusaka.

Tsiku lomwe Elesi analira pagulu anali padenga la eni ake, sipanala ili m'manja. Pansi panali Ba Kapambwe, eni nyumbayo, akukalipa moti njira yonse inadzaza anthu.

"Iwe, nindani anakuuza kuboola malata yanga? Chosa vinthu vako manjemanje!"

Mayi wochita lendi m'nyumbamo, amene anamuitana kudzaika sola, anali atabisala kuseri kwa katani. Aka kanali kachitatu Elesi kutsitsidwa padenga chonchi. Anasenza panelo yake n'kudutsa pakati pa anthu oseka, misozi ili chuchuchu.

Mayeso a Giredi 12 anali atamukana kawiri. Ataphunzira kulumikiza sola, anagulitsa makina osokera omwe malemu mayi ake anamusiyira, n'kugula mapanelo asanu ndi limodzi ndi mabatire ake. Chuma chake chonse chinali chomwecho. Magetsi masiku amenewo ankazima nthawi yaitali, ndiye iye ankati ntchito izichita kumusaka. Anaiwala kuti m'komboni anthu ambiri denga si lawo.

Mchimwene wake Dumi anapeza wamalonda m'tauni wofuna kugula mapanelo onsewo motchipa, bola yankho lifike Lachisanu.

"Gulisa chabe, Elesi," anatero Dumi. "Mvula ikabwela Kariba izazula, malaiti yazabwela. Manje iwe uzadya mapanelo?"

Dumi sankanama, poti magetsi ankazima chifukwa madzi anali atachepa m'damu la Kariba. Mvula ikanagwa yambiri, sola ikanatha kutsika mtengo. Ikanakanika, wogulitsa lero akanadziluma chala. Elesi anachita mantha. Anafunsa uyu, nafunsa uyo, ndipo aliyense anasanduka katswiri wa zanyengo, ndi ometa tsitsi omwe.

Lachitatu anatopa nawo mafunso a kumwamba. Anaganiza zoyang'ana pansi, pa zinthu zomwe maso ake akanatha kuona.

Unali mwezi ukutha, nthawi yomwe anthu a lendi amasamuka. Elesi anakhala pamphepete pa msewu n'kumayang'ana mawilibala akudutsa: matiresi, mbaula, zidebe, wailesi. Aliyense ananyamula chake chonse. Palibe ananyamula denga.

Apo m'pamene maso ake anatseguka. Munthu wa lendi amagula chinthu chomwe angasamuke nacho.

Anathamangira kwa Ba Hosea, owotcherera zitsulo ku Lilanda, n'kuwajambulira pamchenga chimango chonyamula panelo, bokosi la batire pansi, tayala la wilibala kutsogolo.

"Sola pa wilibala?" Ba Hosea anaseka mpaka kutsokomola. "Ati izayamba kugulisa tomato?"

"Pangani chabe viwili," anatero Elesi. "Vikakanga, mapanelo yanayi yazasala."

Sanaponye zonse m'madzi, komanso sanathawe. Lachisanu anauza Dumi kuti sagulitsa.

Woyamba kugula anali Ba Lombe, mayi wogulitsa zakumwa zozizira. M'mawa ankakankhira sola yawo pabwalo ngati akukayanika zovala, madzulo n'kuilowetsa m'nyumba, akuba n'kungomeza malovu. Eni nyumba analibe ponenera, poti palibe msomali unakhudza malata awo. Sabata isanathe, chimango chachiwiri chinagulidwanso.

Kenaka mvula inagwa, yambiri ndithu, ndipo patapita nthawi magetsi anayamba kukhalitsa. Masabata atatu foni ya Elesi inangoti zii.

Koma m'mabwalo ambiri a lendi mabanja angapo amadalira mita imodzi, ndipo magetsi akabwera, mikangano imabweranso: wasita ndani, waphika nyemba ndani. Ba Lombe okha ndi amene sankakangana ndi munthu, poti anali ndi sola yawoyawo. Atasamukira ku Chawama, sola yawo inakwera nawo galimoto pamodzi ndi mipando, ndipo anansi awo atsopano anaizungulira asanatsitse n'komwe matiresi.

Foni inayamba kulira. Chawama, Kanyama, Mtendere, kenaka Chazanga.

Lero Elesi ali ndi shopu yakeyake ku Matero, ndipo waphunzitsa atsikana asanu ntchitoyi. Ba Hosea analemba anyamata ena awiri owathandiza. Dumi ndiye amayendetsa galimoto yoperekera katundu, ndipo mukamumva akufotokozera makasitomala mungaganize kuti nzeruyo inali yake.

Mpaka pano Elesi sadziwa kuti mvula ya chaka chamawa idzagwa bwanji. Inunso simudzadziwa zonse, ndipo mukadikira kuti mudziwe, mudzakalambira pamphambano pomwepo. Yang'anani chomwe maso anu angathe kuona, yesani pang'ono, musiyeko pobwerera. Mantha asakugulitsitseni tsogolo lanu motchipa. Osataya mtima, kankhani wilibala yanu.