Kamakina ka Arsenio

Arsenio anafika ku Milonde ali kumsana kwa amayi ake, pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Anakulira komweko, n'kukwatira Eufemia, n'kukhala mkamwini, uku akuthyola tiyi ku esiteti. Tsiku lina thirakitala ya masamba inagubuduka pamtsetse iye ali pamwamba, msana n'kuvulala. Miyendo ankaikwakwazabe ndi ndodo ziwiri, koma mkodzo unasiya kumumvera. Unkangotuluka wokha.

Pamudzi anamupatsa dzina loti Chigubu Chobooka. Kutchalitchi anamupempha kuti azimvera ulaliki ali panja, pafupi ndi windo.

Patapita zaka zitatu, madokotala ena ochita kafukufuku ku Blantyre anamupatsa kamakina konga foni, ka mabatire ndi timawaya tiwiri. Ankamata timawayato pakakolo theka la ola tsiku lililonse, magetsi ake n'kumanyerenyetsa mtsempha wolumikizana ndi chikhodzodzo. Sikanamuchiritse ayi, koma pakutha pa miyezi iwiri ankatha kupirira maola atatu ali wouma. Anayambanso kukhala pagulu.

Mlamu wake Pilato, mchimwene wa Eufemia, anaona kamakina kaja.

"Alamu, tandibwerekani kamakinako, bondo likundizunza."

"Pepani alamu, adokotala anati ndisamadumphitse tsiku."

"Mukudya za yani pano? Munda ndi wathu, malo ndi athu."

Pilato anangokatola pampando. Eufemia anazyolika. Tsiku la msika Pilato anali ku Limbuli, akumata timawaya tija m'mawondo mwa nkhalamba, akuti akuchiza nyamakazi. Patatha masabata asanu anakaponya pakhonde, mawaya ataduka, mkati mutalowa madzi. Arsenio ataimba foni ku Blantyre anamuuza kuti kafukufuku uja anatha.

Mwezi wotsatira Janeti, mwana wake woyamba, ankakwatiwa. Arsenio sanamwe kanthu kuyambira dzulo lake, milomo inachita kung'aluka. Atamuitana kuti alankhule monga bambo wa mkwatibwi, anadzuka ndi ndodo zake, n'kuthokoza anthu. Ali pakati pa mawu, buluku linayamba kuda kutsogolo.

Pilato anatenga maikolofoni. "Wina abweretse chikolopa, mvula yayamba msanga chaka chino!"

Anthu anafa nacho chiseko. Janeti anabisa nkhope m'velo. Arsenio anamaliza mawu ake onse, osadumpha ngakhale limodzi, kenako ananyamuka yekha ulendo wa kunyumba, nsapato zikulira chofo chofo. Nyimbo zinayambiranso asanafike n'kumsewu komwe.